Emilia Pérez: filimu yomwe inakolola mphoto kunja, ku Mexico n'kukanidwa

Pa 23 January 2025 panachitika zinthu ziwiri tsiku limodzi. Ku America analengeza mafilimu opikisana pa mphoto za Oscar, ndipo filimu ina yotchedwa Emilia Pérez inatchulidwa ka 13, zomwe filimu yosakhala ya Chingerezi inali isanachitepo chiyambire, sinanga Crouching Tiger, Hidden Dragon ndi Roma omwe anafika patali anathera pa 10. Tsiku lomwelo filimuyi inayamba kuonetsedwa m'masinema aku Mexico, dziko lomwe nkhani yake imanena, ndipo kumeneko anthu anailandira ndi mkwiyo, ena mpaka kufuna kuti ndalama zawo za tikiti zibwezedwe. Nde funso ndi lakuti zimatheka bwanji kuti filimu imodzimodzi akuluakulu a mafilimu aziiombera m'manja pomwe eni nkhani akuti mwatitukwana? Ndichenjezeretu kuti ndinena ndi mathero omwe, amene simunaonere musadzati sindinanene.

Ambiri akamva kuti ndi filimu ya Chisipanishi amaganiza kuti ndi ya ku Mexico kapena ku Spain, koma ayi, ndi ya ku France. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Jacques Audiard, mkulu wolemekezeka kwambiri kwawoko, yemwe mu 2015 anapata Palme d'Or, mphoto yaikulu ya chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ndi filimu ya Dheepan yomwe mbali yaikulu ili mu Chitamil. Kujambula m'chilankhulo chomwe sachidziwa ndi khalidwe lake ndithu, ndipo Chisipanishinso salankhula. Ganizo analitenga m'buku la Écoute la Boris Razon lomwe linatuluka mu 2018. Tikamati filimu yachokera m'buku timaganiza kuti atenga nkhani yonse, koma apa anangotola munthu mmodzi wa m'chaputala chimodzi, bwana wa mankhwala ozunguza bongo yemwe akufuna kukhala mkazi, munthu yemwe wolemba bukuyo sanapite naye patali. Zina zonsezo, mkazi wake, chikondi chatsopano, bungwe lofufuza anthu osowa, anazimanga Audiard ndi anzake olemba nawo. Ndipo poyamba sankalemba filimu, ankalemba opera, sewero la pa siteji lija lomwe anthu amangoimba m'malo molankhula, la zigawo zinayi. Mfundo iyi muigwire chifukwa zabwino za filimuyi komanso zoipa zake zambiri zimachokera pomwepa.

Nkhani yake ili chonchi. Rita, yemwe amasewera Zoe Saldaña, ndi loya wanzeru mu Mexico City koma amangogwirira ntchito abwana omwe amatenga ulemu wonse, ndipo tikumuona koyamba akulemba mawu opulumutsa munthu wolemera yemwe wapha mkazi wake, khoti n'kuvomera kuti mayiyo anadzipha yekha. Kenako akulandira foni, akumuphimba kumutu, akupezeka pamaso pa Manitas del Monte, mtsogoleri wa cartel, gulu loopsa logulitsa mankhwala ozunguza bongo, mano achitsulo, mawu okhuthala. Manitas sakufuna loya wa mlandu, akufuna munthu womupezera dotolo mwachinsinsi. Akuti wakhala akudzimva kuti ndi mkazi kuyambira ali mwana ndipo watha kale zaka ziwiri akumwa mahomoni. Rita akupita ku Bangkok, akupita ku Tel Aviv, dotolo akupezeka, mkazi wa Manitas dzina lake Jessi (Selena Gomez ameneyo) ndi ana awiri akuwasamutsira ku Switzerland, imfa yabodza ikulengezedwa, Rita akulemera, basi.

Patatha zaka zinayi Rita ali ku London pa chakudya chamadzulo akukumana ndi mayi wina wooneka bwino, Emilia Pérez, ndipo sipakutenga nthawi kuti azindikire kuti ndi ndani. Emilia wasowa ana ake. Nde akukonza zoti Jessi ndi ana abwerere ku Mexico azikakhala naye ngati kuti iye ndi msuweni wa malemu Manitas, ana azimuti azakhali. Tsiku lina akukumana ndi mayi yemwe akugawa zithunzi za mwana wake wosowa, mtima ukumugunda, akuyambitsa bungwe lotchedwa La Lucecita loti lizifufuza mitembo ya anthu osowa, pogwiritsa ntchito anzake akale a m'ndende omwe amadziwa komwe anakwirira. Akugwa m'chikondi ndi Epifanía (Adriana Paz), mayi yemwe wabwera kudzamva za mwamuna wake wankhanza ndipo akupeza mpumulo atamva kuti anafadi. Koma Jessi naye wabwererana ndi chibwenzi chake chakale Gustavo, akufuna kukwatiwa ndi kutenga ana, ndipo apa Emilia akulusa, mawu a Manitas aja n'kubwerera. Emilia akumutsekera Jessi ndalama, Gustavo akumuba Emilia n'kutumiza zala zake kwa Rita kuti dipo libwere, mfuti zikulira, Emilia akuulula kwa Jessi kuti ndi ndani, ndipo atatu onsewo akufera m'galimoto yomwe yagwera kuphompho, Emilia ali mu buti. Filimu ikutha ndi chigulu cha anthu akuyenda mumsewu atanyamula chifanizo cha Emilia ngati cha woyera wa tchalitchi, akuimba.

Mukaiwerenga chonchi ikumveka ngati telenovela zija za pa Telemundo zomwe timaonera pa DStv, ndipo n'zoona ndithu, kungoti pano anthu amangoyamba kuimba pakati pa nkhani. Nyimbo analemba ndi woimba wa ku France Camille ndi mnzake Clément Ducol, magule anakonza ndi Damien Jalet. Si nyimbo zoti munthu aime n'kukweza mawu ngati wa kwaya, zambiri zimayamba ngati kunong'ona kapena kulankhula, phokoso la mumsewu kapena la mfuti zomwe akuzikonza n'kusanduka ng'oma. Pomwe zinagwira bwino zinagwiradi. "El Mal" ndi chitsanzo, ali pa phwando losonkhetsa ndalama za bungwe lija, Emilia ali pa maiki akulankhula zokoma, Rita atavala suti yofiira akuvina pakati pa matebulo akuloza mlendo mmodzimmodzi, uyu ndi nduna yakuba, uyu ndi jaji wogulidwa, ndalama zomwe akupereka ndi zamagazi, koma palibe akumumva chifukwa zonse zikuchitika m'mutu mwake. Pamenepo Saldaña anagwira ntchito, olo amene amadana ndi filimuyi ambiri amavomereza. Pomwe zinalephera zinalepheranso zenizeni, ngati nyimbo ya kuchipatala cha ku Bangkok yomwe madotolo akutchula mayina a maopaleshoni akuvina ndi odwala a pa mawilo, yomwe anthu anaidula n'kumaiseka pa intaneti miyezi yambiri.

Ndipo Mexico yomwe mukuiona mmenemo si Mexico. Pafupifupi zonse anajambulira mu situdiyo ku Bry-sur-Marne pafupi ndi Paris, misika, misewu, zonse zomanga. Audiard anapitako ku Mexico kukaona malo koma anabwerako akuti zenizenizo sizikugwirizana ndi zomwe zinali m'mutu mwake, iye amafuna siteji ya opera. Mwa luso palibe cholakwa ndi maganizo amenewo, opera sinamizira kuti ndi moyo weniweni. Vuto limabwera ukatenga siteji yongopekayo n'kuikapo maliro a anthu enieni omwe sanathe kulira.

Ku Cannes mu May 2024 zonsezi sizinaoneke ngati vuto. Filimu inapata Jury Prize, ndipo mphoto ya mzimayi wosewera bwino anagawana anayi, Saldaña, Gomez, Paz ndi Karla Sofía Gascón yemwe anasewera Manitas komanso Emilia, n'kukhala mzimayi woyamba wa transgender, kutanthauza wobadwa ngati mwamuna n'kusintha kukhala mkazi, kupata mphotoyo. Netflix inagula ufulu woionetsa ku America, Canada ndi UK n'kuiika pa 13 November. Ku mphoto za Golden Globes za ku America kumayambiriro kwa January 2025 inatenga zinayi. Mwina mukudabwa kuti filimu ya Chisipanishi inkaimira bwanji France ku Oscar. Lamulo la gawo la mafilimu akunja panthawiyo linali lakuti dziko lililonse lizitumiza imodzi, ikhale yopangidwa ndi anthu a dzikolo ndipo mawu ambiri asakhale a Chingerezi, koma silinkanena kuti chilankhulo chikhale cha dzikolo. Ndi lamulo lomweli lomwe mu 2019 linagwetsa Lionheart ya Genevieve Nnaji, ati Chingerezi chachuluka, pomwe Chingerezicho ndi chomwe anthu aku Nigeria amalankhuladi. Nde filimu ya ku Nigeria yolankhula ngati aku Nigeria inakanidwa, ya ku France yolankhula Chisipanishi chomwe wolemba wake sachimva inadutsa bwinobwino, kaya tiziti chani.

Dandaulo loyamba la aku Mexico linali la khutu. Mwa azimayi anayi aja wa ku Mexico weniweni ndi Adriana Paz yekha, ndipo gawo lake ndi laling'ono kuposa ena onse. Gascón ndi wa ku Spain ngakhale anakhalitsa ku Mexico akusewera ma telenovela, Saldaña anabadwira ku New Jersey ndipo Chisipanishi chake ndi cha ku Dominican Republic, Gomez ndi wa ku Texas ndipo Chisipanishi sachilankhula bwino. Anayesa kuzikonza m'nkhanimo, Rita anamupanga kukhala wobadwira ku Dominican, Jessi n'kukhala wosakaniza ndi Chingerezi, koma sizinakwanire chifukwa si katchulidwe kokha, ziganizo zina eni chilankhulo amati palibe munthu wamoyo angalankhule choncho, zikumveka kuti zinaganizidwa mu Chifalansa n'kudutsa pa makina. Wanthabwala wotchuka Eugenio Derbez ananena poyera kuti zomwe anachita Gomez n'zosatheka kuziikira kumbuyo, kenako anapepesa Gomez atayankha kuti anayesetsa ndi nthawi yomwe anapatsidwa. Ndipo pali nyimbo ina yomwe mwana akuuza Emilia kuti akununkhira ngati bambo ake, n'kutchula mowa wa mezcal ndi chakudya cha mapeyala chotchedwa guacamole, zinthu zomwe mlendo wodzaona malo ndi amene angaganize kuti ndi fungo la bambo wa ku Mexico.

Ife izi sitikufunika kuchita kutifotokozera. Amene munaonera The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba ija, mukukumbuka momwe Chichewa cha Chiwetel Ejiofor ndi mnyamata wa ku Kenya Maxwell Simba chinkamvekera, kunja anthu akulira ndi kukoma kwa filimu, kuno tikuwerenga ma subtitle a Chingerezi kuti timve Chichewa chathu chomwe. Wowerenga ma subtitle amaona nkhope ndi misozi, mawu amawatenga pa zolembedwa pansizo zomwe zakonzedwa bwino, nde kusokonekera konse kumamudutsa. Ma jaji a ku Cannes ndi ambiri mwa anthu pafupifupi 10,000 omwe amavota ku Oscar anaonera filimu ina, aku Mexico anamvera ina. Kusiyana kwake n'kwakuti Ejiofor anabwera kudzajambulira kuno ku Kasungu, anthu ngati Lily Banda ali momo, nde tinaseka koma sitinamve kuti watipeputsa.

Koma chilankhulo ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi ya anthu osowa, ndipo kwa ine apa ndi pomwe pagona mlandu wonse. Kuyambira December 2006 pomwe pulezidenti Felipe Calderón anatumiza asilikali kukalimbana ndi ma cartel, anthu ku Mexico akhala akungosowa, watuluka kupita kuntchito osabwerera, wakwera basi osafika. Mu May 2022 kaundula wa boma wa anthu osowa anadutsa 100,000 ndipo nambala ikukwerabe, pomwe m'mamotchale ndi m'manda a boma muli mitembo yoposa 50,000 yomwe sinadziwike kuti ndi ya ndani. Si ma cartel okha amene amachita izi. Ana a sukulu ya uphunzitsi 43 a ku Ayotzinapa omwe anasowa ku Iguala pa 26 September 2014 anagwidwa ndi apolisi, ndipo komiti yomwe boma lenilenilo linakhazikitsa inadzanena mu 2022 kuti unali mlandu wa boma. Nde poti boma silifufuza mokwanira, amene amafufuza ndi azimayi, amawatcha madres buscadoras, amayi osakasaka. Amasonkhana m'magulu, amagula mafosholo ndi mapiki ndi ndalama zawo, amapita kutchire komwe wina wawatsina khutu, amabaya pansi ndi chitsulo chachitali n'kuchizula n'kununkhiza kunsonga kuti amve ngati pansipo pali mtembo. Ena mwa iwo aphedwa chifukwa cha ntchito yomweyi. Pa 10 May, tsiku la anakubala kwawoko, anzawo akulandira maluwa iwo amakhala ali pa msewu ndi zithunzi za ana awo.

Tsopano taganizani mayi wotereyu akuonera filimu yomwe munthu woyambitsa ntchito yofufuza, wopereka ndalama, wolankhula pa TV, ndi bwana wa cartel yemwe anakwirira ena mwa anthu omwewo. Emilia sakuulula kwa banja lililonse, sakuima pa khoti, palibe mayi ndi mmodzi yemwe akudziwa kuti dzanja lomwe likumupatsa mafupa a mwana wake mwina ndi lomwe linalamula kuti aphedwe. Azimayiwo mufilimu ndi kwaya chabe, nkhope zoimba kumbuyo, ndipo pamapeto ndi iwo akunyamula chifanizo chake. Oikira kumbuyo filimuyi amati zimenezo ndi dala, Audiard akutionetsa momwe anthu amapangira woyera kuchokera mwa chigawenga, ndipo "El Mal" ikusonyeza kuti filimu ikudziwa kuti ndalamazo ndi zauve. Ndikuimva mfundoyo koma sindikuigula yonse, chifukwa nyimbo ija imaloza alendo a pa matebulo, Emilia simuloza, ndipo mathero aja anawajambula kuti tilire naye, osati kuti tichite manyazi. Patangodutsa masiku ochepa Oscar itachitika, mu March 2025, gulu lina la ofufuza ku Jalisco linalowa pa famu ina ku Teuchitlán n'kupeza mulu wa nsapato ndi zovala pamodzi ndi zidutswa za mafupa, pamalo pomwe apolisi anali atafikapo kale miyezi ingapo m'mbuyomo. Imeneyo ndiyo nkhani yomwe filimuyi inabwereka.

Chowawitsa china n'chakuti aku Mexico eni ake akhala akupanga mafilimu a nkhani yomweyi. Fernanda Valadez ndi Astrid Rondero anapanga Sin señas particulares mu 2020, ya mayi yemwe akusaka mwana wake yemwe anasowa akupita kumalire a America, ndipo chaka chomwecho cha Emilia Pérez dziko la Mexico linatumiza ku Oscar filimu yawo ina, Sujo, ya mwana wamasiye wa munthu wopha anthu wa cartel. Inapambana pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America koma ku Oscar sinalowe ngakhale m'gulu la mafilimu akunja 15 osankhidwa poyamba. Si onse aku Mexico anadana ndi ya Audiard, Guillermo del Toro anaiyamikira, pomwe katswiri wa kamera Rodrigo Prieto anati pafupifupi chilichonse mmenemo chikuoneka chabodza.

Mwina mungaganize kuti anthu a transgender ndiye anasangalala poti mnzawo wafika pamwamba, koma ambiri ayi. Bungwe la GLAAD ku America, lomwe limayankhulira anthu oterewa, linati filimuyi ikubweza zinthu m'mbuyo. Chifukwa chake, nkhaniyi imaonetsa ngati opaleshoni ndi imfa ndi kubadwanso, Manitas woipa wafa, Emilia wabwino wabadwa, ndipo Emilia akakwiya mawu achimuna amatulukanso ngati kuti mwamuna uja anangobisala mkati. Kuwonjezera apo akunamiza mkazi wake ndi ana, zomwe zimangolimbikitsa ganizo lakale loti anthu oterewa ndi achinyengo.

Audiard naye pakamwa sipanamuthandize. Atafunsidwa ngati anaphunzira za Mexico anayankha kuti sanafufuze kwambiri, zomwe ankafunika kudziwa ankazidziwa kale pang'ono. Kenako kanema wina anafala pomwe akunena kuti Chisipanishi ndi chilankhulo cha maiko ongotukuka kumene, cha osauka ndi osamukira maiko ena. Anapepesa ali ku Mexico mu January koma madzi anali atafika kale m'khosi. Yankho lomwe linandikomera ine ndi la Camila Aurora, mzimayi wa transgender wa ku Mexico, yemwe ndi anzake anajambula kafilimu ka nyimbo kotchedwa Johanne Sacreblu n'kukaika pa YouTube, nkhani ya ku France yojambulidwa ku Mexico popanda munthu wa ku France, aliyense wavala malaya a mizeremizere, ndevu zojambula, buledi wautali m'khwapa, makoswe paliponse, Chifalansa chophwanya dala. Anthu mamiliyoni anakaonera.

Chomwe chinaigwetsa ku Oscar komabe si aku Mexico. Kumapeto kwa January, patangotha sabata Gascón atakhala munthu woyamba wodziwika poyera kuti ndi transgender kutchulidwa pa mphoto ya kusewera, mtolankhani Sarah Hagi anafukula zomwe Gascón analemba pa Twitter zaka za m'mbuyomo, zonyoza Asilamu, zonyoza George Floyd, zonyoza mwambo wa Oscar wa 2021 chifukwa cha anthu akuda ndi aku Asia omwe anapambana. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Muyenera kudziwa kuti Oscar ndi kampeni ngati ya ndale, makampani amathira ndalama zambiri pa zikwangwani, maphwando ndi maulendo a osewera kuti ovota awaone, ndipo kampeni ya Emilia Pérez inamangidwa pa uthenga wa kulolerana, nkhope yake ali Gascón. Uthengawo unagwa tsiku limodzi. Iye anapepesa, anatseka akaunti, kenako anakalankhula yekha pa CNN ya Chisipanishi akulira ndi kudziteteza, Netflix n'kumuchotsa pa zotsatsa, Audiard naye n'kumudzudzula poyera. Zomwe aku Mexico anakhala akunena kwa miyezi osamvedwa, ma tweet anazichita m'masiku atatu.

Pa 2 March 2025, mwa 13 muja inatenga ziwiri zokha, Saldaña ndi nyimbo ya "El Mal". Ya filimu yakunja yomwe aliyense ankati ndi yake kale inapita ku Brazil, kwa Ainda Estou Aqui ya Walter Salles, yomwenso inachokera m'buku ndipo ndi ya munthu wosowa, Rubens Paiva yemwe asilikali anamutenga pakhomo mu 1971, kungoti nkhaniyo ikuyenda ndi mkazi wake Eunice yemwe anatsala akufunsa, ndipo buku analemba ndi mwana wawo. Kwawo ku France sanatekeseke, masiku awiri m'mbuyomo anali ataipatsa ma César, mphoto zazikulu za mafilimu kwawoko, asanu ndi awiri kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse.

Usiku wa Oscar womwewo mtolankhani wa ku Mexico anamuuza Saldaña kuti filimuyi yapweteka anthu kwawo. Iye anapepesa kuti anthu akhumudwa koma anati sakugwirizana nazo, ati mtima wa filimuyi si Mexico, ndi ubwenzi wa azimayi anayi, ndipo azimayiwo akanatha kukhala aku Russia kapena kwina kulikonse. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo Audiard ankaganizanso chimodzimodzi pomwe ankasankha situdiyo ya ku Paris. Koma La Lucecita sungaisamutsire ku Russia, chifukwa azimayi a mafosholo aja ali ku Sonora, ku Jalisco, ku Veracruz, ndipo theka lachiwiri lonse la filimuyi laima pa iwowo.